Zenera Lotseguka Theka

A LaVonne Hettich amakhala kutsidya kwa msewu wathu, m'kanyumba koyera komwe apongozi awo anamanga okha kalekale. Ndinawadziwa pamene ana athu ankakwera basi imodzi popita kusukulu. Ndi mayi wamfupi, wojintcha, ndipo chiuno chimawavuta moti akamayenda amapendekera mbali imodzi. Muno mu Emmert anthu amawadziwa ndi supu wa timibulu ta ufa wotchedwa knoephla, amene amaphika pa maliro aliwonse a kutchalitchi kwathu. M'mawa amaphikira ana a sukulu, ndipo ntchito yokhayo ndiyo amalandirapo malipiro. Zina zonse zimene manja awo agwira pa moyo wawo palibe anazitchapo ntchito.

Apongozi awo aakazi atakalamba, anawasamalira ndi a LaVonne mpaka tsiku lowaika m'manda. Pasanapite nthawi amuna awo, a Delwyn, anagwidwa ndi sitiroko ali m'galaja. Dzanja ndi mwendo wakumanzere zinafa, ndipo mawu anatsala ochepa. M'nyumbamo muli chipinda chogona chimodzi chokha pamwamba, ndipo bedi lakuchipatala linatenga malo onse. A LaVonne amagona pa kabedi kopinda pambali pake, kuti aziwatembenuza ndi kuwasintha. Chokhacho chimene sankatha okha ndicho kuwanyamula kulowa nawo m'bafa. Pa chimenechi ankadalira a Merle, akulu ake a Delwyn, amene ankabwera Loweruka lililonse kuchokera kufamu kwawo, n'kunyamula mng'ono wawo ngati thumba la tirigu, uku akumunena kuti wanenepa ndi ulesi. A Delwyn ankaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Sabata yonse ankadikira Loweruka.

Mwana wawo ndi mmodzi, Shawna. Chaka chatha, masamba atayamba kuyoyoka, Shawna anamangidwa ku Bismarck pa nkhani ya mankhwala ozunguza bongo. Mwana wake Taryn, wa zaka khumi ndi ziwiri, boma linamutenga n'kukamuika kwa banja lina lomwe sankalidziwa. A LaVonne atamva, anaimba foni tsiku lomwelo kunena kuti mdzukulu wawo ali ndi kwawo, abwere.

Anabwera mayi Delorme a ku ofesi yoona za ana kudzaona nyumba. Anali munthu waulemu, anavula nsapato pakhomo, anapatsa moni a Delwyn. Kenako a LaVonne anawatsogolera kutsika masitepe kupita kuchipinda chapansi pa nthaka, chomwe anali atachikolopa kale, atayala zofunda zatsopano ndi kuika nyali pambali pa bedi. Mayi Delorme sanayang'ane zofundazo. Anayang'ana kazenera komwe kali pamwamba pafupi ndi denga, koti ngakhale mphaka angadutse movutikira.

"Shawna anakulira m'chipinda chomwechi," anatero a LaVonne. "Palibe chinamuchitikira."

"Ndikumva, mayi. Koma moto ukabuka pamwamba, masitepewa ndi amene amayamba kudzaza utsi. Mwana atulukira pati?"

Anawafotokozera kuti chipinda chogona chapansi chimafunika zenera loti munthu atulukirepo, komanso loti wozimitsa moto alowerepo atabereka thanki yake ya mpweya. Mpata wake likatseguka usachepere mainchesi 20 m'lifupi ndi 24 m'litali, ndipo ngakhale izi zikwane, mpata wonse uyenera kukhala waukulu ndithu. Lisakhale pamwamba poti mwana sangafikire. Panja pake pakumbidwe dzenje lotakata, la makwerero. A LaVonne anafunsa ngati mwana angayambe wagona pasofa pabalaza. Anawayankha kuti ayi, mwana wa msinkhu umenewo amafunika chipinda chake cha chitseko. Woweruza anali atakonza zomva nkhaniyi pakati pa mwezi wa Novembala. Nyumba ikapanda kuvomerezeka, Taryn adzakhalabe kwa anthu achilendowo.

A LaVonne anaimbira amisiri onse a m'dera lino. Aliyense anali ndi ntchito zodzaza mpaka chisanu chitatha. Mmodzi anawauza mosabisa kuti nthaka ikangouma ndi chisanu palibe angakumbe, ndipo kunali kutatsala pang'ono.

Choncho anayamba kukumba okha. Akaweruka kusukulu ankadyetsa a Delwyn, n'kutenga fosholo, kawailesi komvera mwana akalira kali m'thumba la jekete kuti amve amuna awo akaitana. Dothi la kuno ndi dongo lomata, limakakamira ku fosholo moti umachita kulipala ndi nsapato. Ine ndinkawoloka msewu kukakankha wilibala, chifukwa msana wanga sulola kukumba. Kawailesi kakalira, ankatuluka m'dzenjemo chokwawa, kuvula nsapato, kusamba m'manja, kukawathandiza, n'kubwereranso. Mphepo inali itayamba kale kuluma makutu.

Loweruka a Merle atamaliza za kubafa, anazungulira kuseri kwa nyumba n'kuima m'mphepete mwa dzenje, manja ali m'matumba.

"Alamu, manda a ndani amenewa? Mng'ono wanga ndamusiya akupuma bwinobwino."

"Ndi anu, alamu. Tsikani ndikuyezeni."

A Merle anaseka mpaka kutsokomola. Atamva nkhani yonse anati asavutike, khomalo adula iwo ndi anzawo, ndipo zenera asagule chifukwa ali nalo. A Merle sataya kanthu. Mushedi mwawo muli zitseko, mawilo, mapaipi, zinthu zomwe anatola pa nyumba iliyonse imene inagwetsedwa muno. Zeneralo analichotsa pa nyumba yakale ya abusa, ndipo analisunga zaka zambiri atalikulunga m'bulangete. Analibweretsa madzulo omwewo pa galimoto yawo, n'kulitsamiritsa pakhoma monyadira. Linalidi labwino, la magalasi awiri okhuthala. Anatambasula tepi m'mbali mwa felemu: mainchesi 36 uku, 48 uku. Anati a boma akufuna 20 ndi 24, ndiye apa angadutse ndi ng'ombe yomwe.

Ndinaona a LaVonne akulitsegula. Galasi limodzi linatsetsereka chammbali n'kukabisala kuseri kwa linzake. Analitseka, n'kulitsegulanso. Kenako anathokoza alamu awo ndi kuwalowetsa m'nyumba kuti amwe khofi.

A Merle atapita, tili awiri kukhitchini, anandiuza motsitsa mawu kuti zeneralo likutseguka theka lokha. Ndinati awauze. Anapukusa mutu uku akutsuka makapu. Kuno chinthu chopatsidwa sichiyezedwa, aliyense amadziwa. Ukalandira umathokoza, ngakhale ukachiike kuseri kwa galaja. Ndiponso a Merle si munthu wouzidwa kuti walakwitsa. Msuweni wawo wina ananenapo kuti mpanda umene anamumangira wapendekeka, ndipo mpaka lero akakumana kusitolo amapatsana msana.

"Ndikawakhumudwitsa, abambo awasambitsa ndani?" anatero. "Mwina theka lakelo likwana. Ndi lalikulu."

Tepi inali pomwepo pa tebulo. Sanaitenge, inenso sindinaitenge.

Loweruka lotsatira a Merle anabwera ndi anzawo awiri ndi makina odulira konkire. Makinawo amadula akuthira madzi, ndipo matope otuwa anayenderera pansi ponse, kuthimbiritsa makoma mpaka pa masitepe. Pofika masana khoma linali litabooka, madzulo zenera linali litalowa. A LaVonne anawaphikira nyama yowotcha ndi mbatata, n'kuphika kuchen, keke wa kuno, wa mapichesi. Amunawo anadya, anayamikirana, anapakira makina awo n'kumapita. Matope aja anatsala. Akauma amalimba ngati mwala, choncho a LaVonne anawapala atagwada, madzulo aliwonse sabata yonseyo, mpaka zala zinang'ambika. Anayalanso miyala pansi pa dzenje, anamangirira chitsulo chotchinga dothi, anakhoma makwerero. Lamulungu kutchalitchi abusa anatchula mayina a amuna atatu aja, kuti ndiwo chitsanzo cha chikondi cha pa abale. A LaVonne anali kukhitchini ya tchalitchi nthawi imeneyo, akutenthetsa khofi.

Woyendera nyumba wa boma, bambo Rustad, anabwera kutatsala masiku ochepa kuti apite kukhoti. A Merle anabwera dala kudzaonerera. Bambo Rustad anayamba ndi dzenje, anati lili bwino. Anatsikira m'chipinda, anayeza kuchokera pansi kufika pa zenera, anati palinso bwino. Kenako anakankha galasi mpaka pomwe limathera, n'kuika tepi mumpatamo. Anayeza kawiri.

"Mainchesi 16, mayi. Pafunika 20."

A Merle anati ayeze bwino, zeneralo ndi la 36. Bambo Rustad anayankha modekha kuti sayeza felemu kapena galasi, amayeza pamene munthu angadutse. A Merle anati magalasi onse awiri amachoka, ungowanyamula m'mwamba n'kukoka, ndipo anayamba kusonyeza. Galasi linakana. Analigwedeza, anatukwana, anatulutsa mpeni m'thumba n'kulikanula, ndipo linachoka.

"Mwaona?"

"Ndaona. Tsopano muganize kuti ndinu mtsikana wamng'ono, muli mu utsi, simukuona kanthu, ndipo mulibe mpeni."

Anauza a LaVonne kuti bowo la pakhoma ndi lokwanira. Chofunika ndi zenera lamahinjesi, lotseguka lonse ngati chitseko. Akaika limenelo awaitane, abwera tsiku lomwelo. A LaVonne anangogwedeza mutu, atagwira chitsulo cha bedi la Taryn.

Bambo Rustad atachoka, a Merle anayamba kulalata. Anati kamnyamata kameneka sikanakhomepo msomali, zeneralo ndi labwino kuposa nyumba yonseyi, ndipo asalikhudze. Iwo alankhula ndi anthu akuluakulu amene amamwa nawo khofi m'mawa, nkhaniyi itha. A LaVonne anati chabwino, alamu. Mawa lake nyengo yosaka agwape inatsegulidwa, ndipo a Merle, pamodzi ndi amuna onse a m'tauni muno, anavala zovala zawo zofiirira za alenje n'kulowa m'tchire. A Merle sanalankhule ndi aliyense wa akuluakulu aja.

Tsiku la khoti ndinawaperekeza ku Bismarck, mayi wina wa kutchalitchi atatsala ndi a Delwyn. Nkhani yake sinatenge nthawi. Woweruza anamva kuti nyumba sinavomerezeke, ndipo anati adzaionanso mu Januwale. Ananenanso kuti mwana sangamangodikira, ndipo zikadzakhala chimodzimodzi adzamupezera banja loti akhazikikeko, kulikonse kumene lingapezeke.

Taryn anali pakhonde la khoti ndi mayi Delorme. Anali atatalika, tsitsi atalidula lalifupi, atanyamula chikwama chodzaza. Anali atalongedza zonse. A LaVonne anatambasula manja, koma mwanayo anabwerera m'mbuyo.

"Munati ndipita nanu lero, agogo."

"Ndi zenera, mwanawe. Lachepa pang'ono chabe."

"Zenera? Ngati simukundifuna mungonena. Amayinso ankanena zangati zomwezo."

Anatembenuka n'kumapita, chikwama chikumumenya m'miyendo. A LaVonne anaima pomwepo mpaka chitseko chinatsekeka. M'galimoto anakhala nthawi yaitali osaliza injini, manja ong'ambika aja ali pa chiwongolero. Sanalire. Kenako anayendetsa molunjika kusitolo ya zomangira. Zenera lamahinjesi la muyezo umenewo kunalibe, anati achita kuitanitsa ndipo lifika mu Disembala. Masabata amenewo ankaimbira Taryn madzulo aliwonse. Foni inkangoitana.

Zenera litafika analibisa m'galaja mwanga. Loweruka limenelo a Merle anasambitsa mng'ono wawo monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pa tebulo la kukhitchini, akusimba za gwape amene anawathawa. Ine ndinali pasinki. A LaVonne anawaikira kuchen pa mbale, anawathirira khofi, koma iwo sanakhale pansi.

"Alamu, zenera lija ndilichotsa. Ndagula lina."

A Merle anaika foloko pansi. Anati anawauza kale kuti alankhula ndi anthu.

"Munanena, koma simunalankhule nawo. Ndipo ngakhale mukanalankhula, mpata wake ndi womwewo. Ndinaona tsiku lomwe munalibweretsa kuti silikwana, ndinangoopa kunena."

"Ndiye mwandisiya ndidule khoma tsiku lonse, tauni yonse ikuona, kuti mudzandiseke?"

"Palibe akukusekani. Khoma munadula bwino, ndipo ndikuthokoza. Koma mwana uja ndimutaya, alamu."

A Merle anayang'ana chakuchipinda komwe a Delwyn anagona, chitseko chili chotsegula. Anaimirira, anatenga chipewa chawo, anati popeza mlamu wawo wadziwa zonse, ndiye adziwanso kunyamula mwamuna wake. Anatuluka osamenyetsa chitseko. Kuchen uja anatsala pa mbale atangolumidwa kamodzi. Kuchipinda a Delwyn anaitana dzina la mkulu wawo, limodzi mwa mawu ochepa amene amatha kutchula bwino.

Tinalichotsa awiri, Lolemba masana, kunja kukuzizira koti malovu angaume asanafike pansi. A LaVonne anakanula felemu ndi chitsulo pang'onopang'ono kuti asaswe galasi. Bowo litatseguka, mphepo inalowa m'nyumba monse, ndipo anathamanga kukafunditsa a Delwyn mabulangete onse amene anali nawo. Ntchitoyo ankaidziwa. Zaka zonse zimene a Delwyn ankakonza nyumba za anthu, amene ankagwira mbali inayo ya thabwa anali a LaVonne, ngakhale pa galimoto panalembedwa dzina limodzi. Ine ndinagwirizira zenera latsopano ndili m'dzenje, iwo ali mkati akulowetsa timatabwa m'mbali kuti liwongoke. Zala zinkachita dzanzi moti zomangira zinkangogwa. Phula lomatira m'mbali linakana kutuluka chifukwa cha kuzizira, ndipo analitenthetsa ndi makina oumitsira tsitsi. Kawailesi kanalira kawiri, ndipo kawiri konse ndinatsala ndekha m'dzenjemo nditakumbatira zenera, ndikupemphera kuti lisandipulumuke.

Dzuwa lisanalowe anapukusa chogwirira, ndipo zenera linatseguka lonse. Anatenga tepi n'kuyeza okha, m'lifupi ndi m'litali. Kenako anaponda pa mpando, anatulutsa mwendo wabwino, anakoka wovutawo ndi manja, n'kutulukira m'dzenje momwe ndinali. Anakwera makwerero mpaka pamwamba, akupuma mwabefu.

"Ngati ndadutsa ine," anatero, "ndiye wa thanki uja adutsanso."

Zenera la a Merle analipukuta, analikulunga m'bulangete lake lomwe lija, n'kukalitsamiritsa pa shedi yawo kufamu. Galu anauwa, katani la kukhitchini linagwedezeka, koma palibe anatuluka.

Bambo Rustad anabwera mawa lake monga analonjezera, ndipo nyumba inavomerezeka. Usiku wotsatira kunagwa chipale chambiri, mphepo n'kuchikokolola chonse kudzaza dzenje lija mpaka pakamwa. Zenera lokwiriridwa silitseguka. Kuyambira pamenepo a LaVonne anawonjezera ntchito ina pa ntchito zawo za m'mawa: asanapite kusukulu amatsikira m'dzenje ndi fosholo kuchotsa chipale. Anachita zimenezi mwezi wathunthu chipindacho chilibe munthu, foni ikungoitanabe osayankhidwa.

Taryn anabwera kumapeto kwa Januwale, ndi chikwama chomwe chija. Sanawakumbatire agogo ake. Anatsika masitepe, anayang'ana bedi ndi nyali, n'kukaima pa zenera. Anapukusa chogwirira, mphepo inalowa, anasuzumira m'dzenje n'kuona mapazi a nsapato pa chipale ndi fosholo itatsamira pa makwerero. Anafunsa kuti anakumba ndani. A LaVonne anati anthu anathandiza. Ine ndinati anakumba agogo ako, okha, ndi fosholo imeneyo. A LaVonne anandiyang'ana ngati ndaulula zosayenera. Mwanayo anatseka zenera n'kuyamba kutulutsa zovala m'chikwama.

A Merle sanabwerenso. Kutchalitchi amakhala mbali ina, ndipo akakumana ndi a LaVonne pakhomo amangogwira chipewa n'kudutsa. Loweruka likafika a Delwyn amayang'ana kumsewu galimoto iliyonse ikadutsa. Kusamba komwe kunkatenga kanthawi kochepa tsopano kumadya m'mawa wonse. A LaVonne amawamanga lamba m'chiuno, amawakweza pa mpando wamawilo, kuchoka apo amawasunthira pa thabwa lomwe anaika pa bafa, pang'onopang'ono, akupumira panjira. Ine ndimagwira mpando kuti usathawe ndi kupereka thaulo, zomwe msana wanga ungathe. Chiuno chawo chafika poipa. Akamaliza amakhala pa mphepete mwa bafa nkhope itatuwa.

Loweruka lachiwiri chibwerereni, Taryn anaima pakhomo la bafa, atapinda manja a juzi mpaka m'zigongono. Anaona agogo ake akulimbana ndi lamba uja.

"Agogo, ndigwire mbali inayi?"

A LaVonne sanatembenuke. Anali atalowetsa phewa kukhwapa kwa amuna awo, mwendo wovuta uja ukunjenjemera.

"Ayi. Pita ukalembe za kusukulu."

"Ndili ndi mphamvu, ndikhoza."

"Ndikudziwa. Sunabwerere zimenezi kuno. Tseka chitseko, mphepo ikulowa."

Mwanayo anaima pang'ono, kenako anatseka. Tinamva akutsika masitepe. A LaVonne anakoka mpweya, anawerenga mpaka katatu monga ankachitira a Merle, n'kunyamula.